Mumange Mawilo Akutsogolo

Germiston, Joni
9 Okutobala 2023

Okondedwa achemwali a Zelifa,

Ndikhulupirira muli bwino kumudziko pamodzi ndi alamu a Jasten ndi ana. Bambo muwapatse moni wanga, ndipo kalatayi muwawerengere yonse. Ine kuno ndili bwino. Ndalemba papepala chifukwa Bambo amati nkhani yaikulu siyenda pa foni, komanso ife awiri tikagwira foni timangolimbana mawu mpaka mayunitsi kutha. Ndapatsira a Hilary, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno, akaisiya pa Ntaja.

Nkhani ya maso a Bambo yandikhala pamtima. Munati la kumanzere latsekeratu ndi ng'ala, la kumanja akungoona nalo utsi, ndipo kuchipatala chachikulu ku Liwonde awalemba pa 13 Febuluwale, tsiku lobwera madokotala opala ng'ala. Febuluwale, achemwali! Dambo la Namilepe inu mukulidziwa mmene limakhalira mwezi umenewo. Munthu wamkulu wosaona simungamuwolotse panjinga yamoto, ndipo madokotala amenewo akapita, kubweranso kwake n'chaka chinacho. Diso latsalalo silidikira chaka.

Ndiye ndaganiza zogula galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi, ija amati folo bayi folo, ikhale pakhomo. Ikatha ntchito ya Bambo, izinyamula makaka a chinangwa ndi nandolo wanu kupita kumsika. Amalume a Lloyd andipezera ku Balaka pikapu ya dizilo imene inkagwira ntchito pa mishoni ina cha ku Rivirivi. Ndi yakale ndithu, sindikubisani, mwina ine ndi iyo tinabadwa chaka chimodzi. Koma ndakhala m'galaja kuno zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndaona ndi maso anga kuti zimene zimapita kutchire n'kubwerako zokha ndi zakalezi. Mulibe kompyuta. Ikadwala, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amaichiza ndi sipanala, ndipo zitsulo zake zili mbwee pa Balaka pomwepo.

Ndalama ndatumiza kwa amalume, poti ndiwo amakaniko pabanja pathu. Pitani ndi alamu mukaione.

Ndine mlongo wanu,
Dyton

*

Chikweo
2 Novembala 2023

Dyton,

Moni sindingakumane, ndiwe wa bere limodzi ndi ine. Tili bwino. Bambo ali momwemo, dzulo anathira tiyi pambali pa kapu n'kudziotcha bondo.

Ku Balaka tinapita. Koma iwe Dyton, tinakulakwira chiyani? Zaka zonsezi uli ku Joni, chimene watipezera n'chiphakasa chimenechi? Ine nditachiona ndimayesa ndi khola la nkhuku la amalume. Chitseko chimodzi chimatsegukira kunja kokha. Mpando unang'ambika, masipuling'i ali pamtunda, m'kati mukununkha mbuzi ndi makandulo. Penti yake sungadziwe ngati inali yoyera kapena yachikasu. Alamu ako atasuzumira pa mita ya makilomita anangogwira pakamwa. Akuti 412,000! Asa!

Mwana wa a Sharifa wapita ku Joni dzana lomweli, koma anatumiza galimoto yoti anthu amadziyang'anira nkhope pachitseko. Ndiye ife tilowe m'mudzi ndi chiutsi, agalu akutiuwa? Ukufuna undiike m'kamwa mwa anthu. Iwe suli kuno, wopita pamjigo m'mawa uliwonse ndine.

Pobwerera tinatsika pa Liwonde. Kufupi ndi njanji kuli bambo wina waulemu wake, a Trust, ogulitsa magalimoto. Ali ndi ina yasiliva, yaitali bwino, kumbuyo kwake analembako 4WD ndi zilembo zonyezimira. Mawindo amatsika okha ukangodina. Yayenda 68,000 yokha, akuti ankayendetsa ndi mayi wina kunja, popita kogula ndiwo basi. Mtengo wake ndi womwewo wa chiphakasa chakocho. Alamu ako anayendetsapo minibasi zaka zinayi, si munthu woti wina angamupusitse pa za galimoto. Atailiza, injini inangoti phee, ine mpaka kufunsa ngati yayaka.

Uwauze amalume atipatse ndalamazo tikatenge yasiliva. Bambo anali kalaliki wa msika wa thonje, anthu ankawavulira chipewa. Akafike kuchipatala ngati munthu.

Ndine mlongo wako wokhumudwa,
Zelifa

*

Balaka
20 Novembala 2023

Dyton mwana wa mlongo wanga,

Moni. Kuno tili bwino, mkazi wanga Martina akupereka moni. Ine za makalata si zanga, upirire ndi girisi ali papepalayu, koma izi ndafuna zikhale zolembedwa.

Monga unandipempha pa foni, ndinapita ku Liwonde kukaiona yasilivayo. Zelifa ndi Jasten anali pomwepo. Ndinayamba ndi chopondera buleki. Mphira yake inadyeka mpaka chitsulo kuonekera. Ndiuze iwe, mayi wogula ndiwo anali ndi phazi lotani kuti adye mphira pa makilomita 68,000? Mita imeneyo anaibweza, yayenda kanayi kuposa pamenepo. Ndinatsegula pothira oyilo, pachivindikiro pali zoyera ngati phala la mwana, kutanthauza kuti madzi akulowa mu injini. Kenako ndinayala thumba n'kulowa pansi. Dyton, shafuti mulibe! Chitsulo chachitali chija chopereka mphamvu ku mawilo akumbuyo anachimasula, mabowo a mabawuti ali yasa. Galimoto imeneyo ikukoka ndi mawilo awiri ngati ngolo ina iliyonse. Folo bayi folo yake yatsala pa zilembo zakumbuyo zija.

Nditatuluka n'kunena zimenezi, Trust anaseka n'kuti zamakono zimayendera magetsi, sizifuna shafuti. Jasten, pamaso pa anthu, akuti, "Amalume, magalimoto a masiku ano si a nthawi yanu." Zimenezo ndikanameza. Koma Zelifa, mwana woti ndinamunyamula pamsana amayi ake ali kumunda, anati ndikukakamira ya kumishoni chifukwa ndadyapo. Ine Lloyd? Zaka makumi atatu ndili pansi pa magalimoto a anthu, palibe anandinenapo kuti ndamubera ngakhale kawasala ka pa bawuti.

Ndalama unatumiza kwa ine, ndipo ndagula imene unandituma. Ndasintha oyilo, lamba ndi mabuleki. Loweruka ndinakaisiya ndekha ku Chikweo. Anatuluka ndi bambo ako okha. Anaipapasa ndi manja kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kugogoda, amvekere, "Alamu, chitsulo ichi n'chamakedzana." Zelifa sanatuluke m'khitchini, ngakhale madzi akumwa sindinawaone. Ndinkafuna ndimuonetse Jasten makhalidwe ake a galimotoyo, makamaka za pamatope, koma anandidutsa n'kupita ku bawo. Ndinasiya kiyi m'manja mwa bambo ako n'kukwera kabaza.

Za pamatopezo uwauze wekha. Ndipo usandiimbirenso foni pa nkhani ya galimoto imeneyi, ndasamba m'manja.

Malume ako,
Lloyd

*

Germiston
6 Disembala 2023

Achemwali,

Moni nonse. Bambo ndikuwafunira mphamvu.

Zimene mwawachita amalume zandipweteka kwambiri. Munthu wasiya galaja yake tsiku lathunthu, wayenda ulendo wonsewo, inu osamupatsa ndi madzi omwe? Mayi akanakhala moyo mukanatero kwa mlongo wawo? Ndaimba kanayi kuti tikambirane, mukumva mawu anga n'kudula. Chabwino, werengani.

Mukuti ndakuchititsani manyazi. Ine kuno ndimagona m'chipinda chimodzi ndi anthu atatu, nsapato yanga ndi yomwe ndinachoka nayo. Sindinasunge ndalama imeneyo kuti azimayi a pamjigo adziyang'anire nkhope. Ndinasungira diso la Bambo. Mwana wa a Sharifa mukumunenayo, kafunseni galimoto yake ili kuti lero. Ndamva ili pamiyala chifukwa kachitsulo kena kakuyembekezeka kuchokera kutsidya la nyanja. Chikomekome cha nkhuyu, achemwali.

Tsono mvetsani, alamu amvenso, chifukwa pikapu si minibasi. Pamsewu wouma imakoka ndi mawilo akumbuyo okha. Mukafika pamatope musalowe ndi liwiro. Imani poyamba, mutsike, mumange mawilo akutsogolo onse awiri. Mukamanga, mukwere, mukokere kumbuyo kagiya kakang'ono kaja kali pambali pa giya yaikulu, ndiye muzipita pang'onopang'ono osapondereza moto. Mukatuluka pouma mumasulenso. Mukachita zimenezi palibe dambo la ku Machinga limene lingaigwire.

Muiyeseko mvula ikayamba, musadikire tsiku la Bambo. Ndipo pa 12 Febuluwale munyamuke, mukagone ku Liwonde, kuti pa 13 mukakhale oyamba pamzere.

Ndine,
Dyton

*

Chikweo
17 Januwale 2024

Dyton,

Moni. Tadzuka, koma ine msana sukuwongoka, ndipo chifukwa chake ndiwe.

Unati tiiyese. Taiyesa. Lachiwiri tinakweza matumba asanu ndi atatu a makaka kuti tipite nawo pa Ntaja. Mvula inali itagwa masiku atatu. Titafika pa Namilepe tinachita zonse monga unalembera, kalata yako ili m'manja mwangamu, usadzati tinadumpha mzere. Tinaima. Tinatsika. Tinamanga mawilo akutsogolo onse awiri. Alamu ako anali atakonzekeratu, anatenga chingwe cha pachitsime ndi zingwe ziwiri zomangira mbuzi. Anakulunga bwinobwino kuzungulira tayala, kulowetsa m'mabowo a chitsulo cha wilo, mfundo zake zolimba, monga achitira anyamata a njinga zamoto kukaterera. Ntchito imeneyo yokha inatidyera ola lathunthu, ine nditagwada m'matope ndi chitenje changa chatsopano. Anakoka kagiya kako kaja. Tinalowa.

Dyton, sitinafike ndi pakati pomwe. Chiphakasa chako chinangokhala pansi ngati ng'ombe yotopa. Mawilo akumbuyo akuzungulira, akutimwaza matope, akutsogolo omangidwa bwino aja ali duu, osagwedezeka n'komwe. Ndiye kumanga kwakoko kunathandiza chiyani? Tinatsitsa makaka onse mvula ikugwa. Matumba atatu ananyowa, achita nkhungu. Tinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anthu olima mpunga atasiya makasu kudzationerera. Mayi wina anafunsa ngati galimotoyo tinaimanga kuopa kuti ithawa. Anatitulutsa ndi amuna khumi ndi awiri ndi ng'ombe za a Dinala. Pamjigo pano dzina langa ndine Amangeni.

Zimenezo zanga, ndipirira. Koma Bambo atamva anangolowa m'nyumba, chakudya anakana. Madzulo ake anandifunsa kuti, "Zelifa, ndiye kuti ku Liwonde sindikafika?" Ine ndinalira, ndikuuze. Masiku ano ngakhale nkhope yanga sakuizindikira, amandidziwira mawu.

Ndiye ife taganiza, ndipo sitikupempha chilolezo. A Trust avomera kutenga chiphakasachi n'kutipatsa yasiliva, kusinthana basi, mwaulemu wawo. Abwera nayo okha pa 3 Febuluwale kukakhala kowuma. Ija sifuna kumanga ndi zingwe, alamu ako akuti umangodina batani. Iwe ndi amalume ako munatiyesa zitsiru za kumudzi, koma Bambo tikawafikitsa ndife.

Zelifa

*

Germiston
1 Febuluwale 2024

Amalume,

Ndagwira mwendo wanu. Ndikudziwa munati ndisakuimbireni, ndipo ndaona kuti mukusungadi mawu anu, poti ndaimba kasanu. Kalatayi ndaijambula n'kutumiza pa foni ya a Martina, sindingadikire a Hilary. Kalata ya achemwali yandipeza lero, inakhala masiku khumi pachipata cha m'malire pamodzi ndi lole yawo.

Amalume, anamanga ndi chingwe! Ndinawalembera kuti akafika pamatope amange mawilo akutsogolo, ine kunena mahabu, tizitsulo tija timapotokola ndi dzanja pakati pa wilo kuti akutsogolo nawo ayambe kukoka. Iwo anatenga chingwe cha pachitsime ndi cha mbuzi n'kumanga matayala. Galimoto inalowa m'dambo ndi mawilo awiri, inatitimira, ndiye akuti ndi yakufa. Nditawerenga ndinaseka, kenako ndinakhala pansi pa galaja n'kugwira mutu. Ife m'galaja chilichonse timati kumanga. Nati timamanga, buleki timamanga. Sindinaganize kuti pakhomo pathu kumanga ndi kwa mbuzi ndi nkhuni. Kulakwa kumeneko n'kwanga.

Koma alamu nawo, zaka zinayi pa chiwongolero, osaona kuti pakati pa wilo pali kanthu kolembedwa? Kufunsa kokha kunawavuta? Safunsa anadya phula.

Choopsa n'chakuti mkucha, pa 3, akusinthanitsa pikapu ndi yasiliva ija yopanda shafuti. Foni ya achemwali ndi yozimitsa, ya alamu ikungoitana. Pa 12 adzalowa nayo pa Namilepe Bambo ali m'kati. Inu mukudziwa chimene chidzachitike.

Anakunyozani, sindikukana. Koma amene akhale mumdima moyo wake wonse si Zelifa kapena Jasten. Ndi alamu anu, amene anakutulukirani okha tsiku lija. Chonde pitani.

Mwana wanu,
Dyton

*

Liwonde
14 Febuluwale 2024

Dyton,

Moni. Ndikulemba m'mawa uno ndili pabenchi panja pa chipatala. Ndiyambe ndi mlandu wanga. Kalata yako Martina anandiwerengera tsiku lomwelo, ine n'kunena kuti adye zimene aphika. Ndinakhala masiku khumi mtima uli gwa. Pa 11 Martina anandiikira madzi osamba n'kunena kuti, "Mukafuna kulanga Zelifa mulangeni, koma musakolowole diso la munthu wosalakwa." Kutacha ndinakwera minibasi yoyamba.

Ndinatsikira kwa Trust. Pikapu yathu inali pomwepo, kutsogolo kwenikweni, yotsukidwa, matayala opaka polishi. Pagalasi atalemba mtengo woposa umene tinagulira, ndipo amuna awiri ogula nsomba ku Chiuta akuilimbirana. Waona? Wakuba amadziwa galimoto yabwino kuposa eni ake. Ndinazungulira kuseri kwa shedi yake ngati ndikufuna pokodza, ndipo shafuti ya yasiliva ija ndinaipeza ili gone pa udzu, yothyoka pamfundo. Ndinainyamula paphewa n'kukaiponya pamapazi pake anthu akuona. Ndinati, "Bambo, magetsi anu aja ndi awa. Mundipatsa kiyi, kapena ndiyende nacho chitsulochi m'depoti monse ndikufotokoza, ndikathere kupolisi?" Ulemu wake uja unathera pomwepo. Anatukwana, koma kiyi anaponya, akuti yake ibwere yamoyo.

Pa Namilepe ndinafika dzuwa lili pamutu. Ndinaionera patali, yasiliva ili pakati pa dambo, madzi ali m'zitseko. Akuti inalowa bwino, mawilo akutsogolo anazungulira kawiri, madzi atangokhudza mawaya magetsi onse a padashibodi anayaka, n'kuzima zii. Mawindo odina aja osatsika. Jasten ali m'matope mpaka m'chiuno, akukankha yekha. Zelifa ali pachulu akulira mokuwa. Bambo ako ali m'kati, atavala jekete ndi tayi, kabuku ka kuchipatala atakakweza m'mwamba kuti kasanyowe, madzi ali m'akakolo. Anakhala choncho maola anayi. Dyton, ndakwiyapo pamoyo wanga, koma osati ngati dzana.

Ndinaima kutsidya kuno n'kukuwa, "Jasten, tabwera!" Anabwera akudontha. Ndinati, "Gwada apa. Ukuona kachitsulo aka? Potokola." Anapotokola ndi zala ziwiri, kanangoti khethe. "Pita uko, kenanso." Khethe. Ndinati, "Wamanga." Anandiyang'ana, n'kuyang'ana wilo, n'kukhala pansi m'matope momwemo.

Ndinaika kagiya kakang'ono, nkhalamba ya pikapu ija inalowa m'madzi ikuguguda ngati ikupita kumunda. Tinawatulutsa bambo ako chonyamula n'kuwakhazika kutsogolo. Yasiliva ndinaikoka ndi tcheni, dambo lonse, msewu wonse, mpaka pa Liwonde, Jasten ali m'menemo akuwongolera, mawindo otseka, thukuta lili kamukamu. Tinadutsa nayo pamsika dzuwa lisanalowe, ndipo sindinathamange ayi. Trust anati yafa. Ndinati inabwera kwa ife ili yakufa kale, ndipo anthu anali pamenepo anandivomereza. Makadi a umwini wa pikapu ali m'thumba mwangamu.

Dzulo bambo ako anali achitatu pamzere. La kumanzere adokotala akuti linafa kalekale, si la ng'ala yokha, palibe chochita. La kumanja apala. Bandeji achotsa masana ano, ndipo akuti tisalonjezane kanthu mpaka atachotsa. Ine sindidikira, ndasiya magalimoto atatu a anthu ali pa jeke ku Balaka. Jasten ndamuyendetsa kawiri kuseri kwa chipatala, kumanga ndi kumasula, tsopano akudziwa.

Zelifa anandigulira tiyi ndi mandasi awiri. Ndinamwa.

Malume ako,
Lloyd

*

Chikweo
21 Febuluwale 2024

Dyton,

Moni. Tinabwerako bwino, pa Namilepe tinadutsa ngati pamsewu wa tala, ndipo anthu a mpunga aja anaimika makasu.

Usayembekezere kuti ndigwada. Kwa amalume ndapepesa kale, ndinawatumizira tambala ndi mpunga, poti iwo ndinawalakwiradi, ndipo mawu ndinawanena aja amandiwotcha ndikawakumbuka. Koma iwe? Iwe ndi amene unatimangitsa zingwe. Chichewa chinakuthawa ku Joniko? Ukanalemba kuti potokolani kachitsulo kali pakati pa wilo, dzanja likanathyoka? Munthu ukuuza mlongo wako woweta mbuzi kuti amange, ukuganiza akatenga chiyani? Ndinagwada m'matope chifukwa chokumvera, osati chifukwa chokunyoza. Chimenecho uchidziwe.

Za yasiliva ndavomera, ndinapusa. Ndinkafuna anthu aone kuti nafenso tili ndi wathu ku Joni. Tsiku lija ndili pachulu, ndikuwaona Bambo kudzera pagalasi atanyamula kabuku kawo m'mwamba, chitseko chikukanika, ndinati ndapha bambo anga chifukwa cha azimayi a pamjigo. Sindinagwidwepo ndi mantha otero. Alamu ako masiku ano sapita ku bawo, amakhalira kupukuta chiphakasa chija, ndipo wina akachitchula choncho amakwiya. Ine ndiye ndizichitchulabe, n'chonyansa basi.

Ukufuna kumva za diso, ndikudziwa, foni yako ndikuiona ikuitana. Bambo andiletsa. Akuti aliyense wokuuza pa foni kapena m'kalata asadzawapatsenso moni. Ndiye upirire, nawenso ulaweko kudikira.

Mlongo wako,
Zelifa

*

Chikweo
10 Malichi 2024

Mwana wanga Dyton,

Ona dzanja ili. Ukulidziwa. Mizere ikukwera phiri chifukwa magalasi sanandipatse, akuti mwezi wamawa, koma palibe wandigwirira cholembera. Zaka zitatu ndakhala ndikulankhula nawe kudzera m'kamwa mwa anthu ena.

Atachotsa bandeji, choyamba kuona chinali chala cha namwino, chachiwiri mlongo wako. Dyton, Zelifa ali ndi imvi. Palibe anandiuza. Ndinamusiya ali ndi tsitsi lakuda, ndamupeza ali mayi wachikulire wotopa, ndipo ndadziwa kuti zina mwa imvizo ndi zanga. Usamamukalipire kwambiri.

Titatuluka panja ndinati andionetse galimoto. Ine ndinkaiikira kumbuyo miyezi yonseyi, ndinkati chitsulo chake n'chabwino. Mwana wanga, ndaiona. Mlongo wako sananame. Ndakhala zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, sindinaonepo galimoto yonyansa chotere. Ndinaseka mpaka namwino anandikalipira kuti ndiphulitsa ulusi. Koma ndi imene inandifikitsa, ndipo ndalamula kuti isapakidwe penti.

Tsono ndikuuzeni nonse, poti ndakhala chete nthawi yaitali. Ndakwiya nanu. Miyezi inayi munakangana za maonekedwe a galimoto, yowala ndi yosawala, pamaso pa munthu amene sankaona ngakhale dzanja lake. Wina ananyoza malume ake, wina anakwiya masiku khumi, wina analemba Chichewa cha m'galaja ali kutali. Palibe anabwera kudzandifunsa kuti, Bambo, inu mukufuna iti? Ndinali wakhungu, sindinali wakufa. M'dambo muja, madzi akukwera m'miyendo, sindinkaopa kumira. Ndinkawerenga anthu amene ndifa ndisanawaonenso.

Ambiri ndawaona tsopano. Jasten wanenepa. Adzukulu anga awiri amene ndinkangowadziwa mitu ndi manja ndawaona, wamng'onoyo ali ndi mano a amayi ako. Manda a amayi ako ndapitako ndekha wopanda wondigwira dzanja, ndazulako udzu.

Watsala iwe. Zelifa anafuna kundionetsa nkhope yako pa foni, ndinakana, ndinatembenukira kukhoma. Unachoka uli ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, wopanda ndevu, ndipo sindikufuna kukumana ndi mwana wanga pa kagalasi. Adokotala anandiuza mosabisa kuti diso ndi limodzi, ndi la munthu wokalamba, ndipo sangalonjeze kuti likhala zaka zingati.

Galimoto watumiza, sikomo. Ndalama usatumizenso chaka chino, ugulire tikiti. Ukatsike pa Ntaja, udzandipeza ndaima pambali pa chinthu chonyansachi. Usachedwe, Dyton, ndikuyang'ana kumsewu.

Ndine bambo ako,
Maziko